Pabwalo la ndege pali ntchito zambiri zimene ana athu sazidziwa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya ntchito za ndege, imene yakhala ikundisowetsa mtendere kuyambira ndili mphunzitsi wa masamu ndi fizikisi kusekondale mpaka lero pamene ndinapuma ntchito. Ndimakhala ku Lumbadzi, kufupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu, ndipo kwathu kuno mwana amayamba kuloza ndege m'mwamba asanadziwe n'komwe kulemba dzina lake. Pa zaka zonse zimene ndinagwira choko, ndikafunsa ophunzira a Fomu 4 zimene akufuna kudzachita, sipankalephera kupezeka anyamata awiri kapena atatu onena kuti adzakhala mapailoti, komanso atsikana angapo olakalaka kudzasamalira anthu okwera m'ndege. Sindikumbuka ngakhale mmodzi amene ananenapo kuti akufuna kudzakonza injini ya ndege kapena kudzakhala pansanja n'kumalondolera ndege ponyamuka ndi potera. Mlanduwu si wa anawo ayi, ndi wathu ife akuluakulu amene sitinawauze kuti ntchito zimenezi ziliko.

Ndiyambe ndi upailoti womwewo, poti ndi umene ana amaulota. Malamulo amene mayiko amatsatira amachokera ku bungwe loona za maulendo a pandege padziko lonse la ICAO, lomwe likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada, ndipo sasintha chifukwa choti wophunzirayo ndi wosauka. Chiphaso choyamba, chimene chimalola munthu kuulutsa ndege yaing'ono koma osalandira malipiro, chimafuna maola 40 a m'mwamba. Kuti munthu ayambe kulembedwa ntchito amayenera kukhala ndi chiphaso chachiwiri, chimene chimafuna maola 200, kapena 150 ngati waphunzira pasukulu yovomerezeka imene imaphunzitsa zonse mwandondomeko imodzi. Kuti adzakhale kaputeni wa ndege yaikulu yonyamula anthu, pamafunika maola 1,500 ndi zaka zakubadwa zosachepera 21. Ola lililonse la wophunzira limalipiridwa, chifukwa ndege imamwa mafuta, mlangizi amafuna malipiro ake, ndipo mwini ndegeyo amawerengeranso kutha kwa zitsulo. Akamaliza zonsezi, mwanayo amayenerabe kuphunzira mwapadera mtundu wa ndege imene adzaulutse, pakuti wodziwa Boeing 737 saloledwa kungokwera Q400 n'kunyamuka nayo. Ndalama zonse pamodzi zimakwana madola zikwi makumi angapo, ndipo sukulu zambiri zimene Amalawi amapitako zili kunja, monga ku South Africa, ku Kenya ndi ku Ethiopia.

Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa, wanzeru zake ndithu, anapita ku South Africa makolo ake atagulitsa ng'ombe ndi poloti yomwe anali nayo m'tauni. Chiphaso choyamba anachipeza bwinobwino. Koma mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, choncho ndalama zimene banja linaika padera zinasungunuka ngati mchere m'madzi. Anabwerako maola ake ali pakatikati, ochuluka kwambiri moti kuwataya kumawawa, koma ochepa kwambiri moti palibe kampani ingamulembe ntchito. Chimene chimandipweteka n'chakuti mwana ameneyu ankakonda kumasula ndi kumanga zinthu kuposa china chilichonse, ndipo ine mphunzitsi wake sindinadziwe zomuuza kuti luso lakelo likufunika pansi pa mapiko a ndege.

Tiyeneranso kunena chilungamo kuti mipando ya mapailoti m'dziko muno ndi yowerengeka. Air Malawi, imene inayamba mu 1964, inatsekedwa mu 2013 itamira m'ngongole, ndipo antchito ake ambiri anabalalika. Kampani imene inalowa m'malo mwake inayamba kuuluka mu January 2014, boma la Malawi lili ndi magawo 51 pa 100 alionse pamene Ethiopian Airlines ili ndi 49, ndipo ndege zake munthu angaziwerenge ndi zala za dzanja limodzi. Sindikunena izi pofuna kufooketsa aliyense. Ndinanyadira ngati wina aliyense pamene Mayi Yolanda Kaunda anakhala Mmalawi wamkazi woyamba kufika paukaputeni, komanso mu 2017 pamene iwo ndi Mayi Lusekelo Mwenifumbo anaulutsa ndege kupita ku Dar es Salaam onse ogwira ntchito m'ndegemo ali amayi okhaokha. Atsikana a m'kalasi mwanga anakamba nkhani imeneyi kwa sabata yathunthu. Komabe kumbuyo kwa anthu awiri okhala kutsogolo kwa ndege kuli khamu la anthu ena amene popanda iwo ndegeyo singasunthe.

Taganizirani ndege ya m'mawa yonyamuka pa Kamuzu kupita ku Johannesburg. Okwera asanafike, injiniya amakhala atayendera kale matayala, mabuleki, injini ndi mawaya, ndipo pomaliza amasainira m'buku kuti ndegeyo ndi yoyenera kuuluka. Siginecha imeneyi ndi yolemera zedi, chifukwa popanda iyo kaputeni, ngakhale akhale ndi maola ochuluka bwanji, saloledwa kunyamuka, ndipo woisainayo amakhala ndi chiphaso chakechake chimene amachipeza ataphunzira ndi kugwira ntchito kwa zaka zingapo moyang'aniridwa. Muofesi muli wina wowerengetsa kulemera kwa anthu, katundu ndi mafuta, n'kuona kuti katunduyo aikidwe mbali iti kuti ndege isapendekere kutsogolo kapena kumbuyo, masamu omwe aja ana ankandifunsa kuti adzawagwiritsa ntchito kuti. A zanyengo amapereka lipoti la mphepo, mitambo ndi mtunda umene maso angaone. Pansanja pali wolondolera ndege amene amapereka chilolezo chonyamukira ndi kuonetsetsa kuti ndege ziwiri zisayandikane, ndipo ameneyu amayenera kukhala wa zaka 21 kapena kuposerapo, woyezedwa ndi dokotala, komanso wolankhula Chingerezi chomveka pawailesi ngakhale zinthu zitathina. Palinso amisiri osamalira mawailesiwo, radar ndi magetsi a mumsewu wa ndege, osaiwala achitetezo ofufuza zikwama ndi anyamata a kampani ya LIHACO onyamula katundu.

Ozimitsa moto ndiwo timawaderera kwambiri, poti nthawi zambiri timangowaona atakhala pafupi ndi galimoto zawo ngati alibe chochita. Koma bwalo lililonse limapatsidwa mlingo malinga ndi zida ndi anthu ozimitsa moto amene lili nawo, ndipo mlingowo ndi umene umanena kukula kwa ndege yololedwa kuterapo. Tinaziona mu January 2019 pamene South African Airways inaimitsa kaye maulendo ake a ku Chileka, ndipo zina mwa zifukwa zake zinali mpanda wabwalo umene unali wowonongeka ndi kuperewera kwa galimoto zozimitsira moto. Mapailoti analipo, ndege zinalipo, okwera analipo, koma ulendo unalephereka chifukwa cha ntchito zapansi zomwe ana athu sazitchula n'komwe.

Maphunziro a ntchito zambiri mwa zimenezi safuna kugulitsa ng'ombe za banja lonse. Pabwalo la Kamuzu pomwepa pali sukulu ya boma yophunzitsa ntchito za ndege, koma ndikukayika ngati aphunzitsi ambiri a ku Chitipa kapena ku Nsanje anamvapo za iyo, poti ngakhale ife oyandikana nayo timangoidziwa mwapatalipatali. Kunja kuli sukulu monga East African School of Aviation ku Nairobi, ZASTI ku Lusaka, ndi sukulu yaikulu ya Ethiopian Airlines ku Addis Ababa imene imaphunzitsanso okonza ndege. Khomo lina latsopano ndi la tindege topanda munthu m'kati, tija akuti ma drone. Mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyeserapo tindegeti ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba kuphunzitsa achinyamata ku Lilongwe kupanga ndi kuulutsa tindegeti, timene tanyamulapo kale mankhwala ndi magazi okayezedwa pakati pa zipatala za kumidzi ndi za paboma.

Pamene nkhani yoona ikusowa, akamberembere ndiwo amadyerapo. Mtsikana wina wa kumpingo kwathu analipira ndalama zambiri kwa munthu amene anamupeza pa Facebook, yemwe analonjeza kumupezera ntchito yosamalira okwera m'ndege za kumayiko a Aluya, ndipo atangolandira ndalamazo foni yake inasiya kupezeka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma mwanayu akanafunsa yani, poti ngakhale aphunzitsi ake sakanatha kumuuza kuti kampani yeniyeni ya ndege imalengeza ntchito poyera ndipo imayesa anthu pamaso isanawalembe?

Choncho ndikupempha bungwe loona za maulendo a pandege m'dziko muno, pamodzi ndi unduna wa zamaphunziro, kuti alembe kabuku kachidule m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi kofotokoza ntchito iliyonse, maphunziro a MSCE amene amafunika, sukulu zovomerezeka ndi nthawi imene amalemba ophunzira, ndipo kabukuko kafike kusukulu iliyonse, kuphatikizapo ma CDSS a kumidzi. M'kabukumo mulembedwe ndi zilembo zikuluzikulu kuti wofuna upailoti ayambe wakayezetsa maso, makutu ndi mtima kwa dokotala wovomerezeka asanalipire tambala iliyonse, chifukwa pali ana amene amazindikira mochedwa kuti sasiyanitsa bwino mitundu yofiira ndi yobiriwira. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira ndi TEVETA aganizirenso zotsegula thumba la ofuna kukonza ndege, ndipo opindula nalo asainire kuti adzagwira ntchito kuno kwa zaka zingapo asanapite kwina, pakuti tikudziwa tonse kuti mayiko olemera amakopa amisiri oterewa ndi malipiro amene ife sitingawafikire.

Kwa inu Akonzi, pempho langa ndi laling'ono. Tumizani mtolankhani wanu akakhale tsiku lathunthu pabwalo la Kamuzu kapena la Chileka, akacheze ndi injiniya, wapansanja, wa zanyengo ndi wozimitsa moto, aliyense afotokoze sukulu imene anaphunzira ndi njira imene anadutsa kuti afike pamene ali. Mukadzasindikiza nkhanizo, ine ndidzazidula n'kukazimata ndekha pabolodi ya zidziwitso kusukulu imene ndinkaphunzitsa, ophunzira a Fomu 2 asanasankhe maphunziro odzatenga ku Fomu 3.

Ndine wanu,

Mphunzitsi wopuma,
Lumbadzi