Kalata kwa Tamanda, pa za khadi la batire lija

Wokondedwa Tamanda,

Kuno tili bwino, amayi ako akupereka moni. Usiku uja titayankhulana pafoni tulo tinandivuta, ndimaganiza za khadi lakubanki mukupangalo, lija la kagalasi kosintha manambala atatu akumbuyo ola lililonse. Unati abwana ako akufuna batire lizikhala zaka 3, ndiye ukulingalira zochotsako mbali ina ya chitetezo poti ikudya moto. Mwana wanga, usapupulume.

Zaka zonse ndinakonza mawailesi zija, ndinaona mabatire ambiri akutha wailesi ili chete, moto ukungodontha penapake mwiniwake osadziwa. Khadi lako lizikhala m'chikwama pafupifupi moyo wake wonse. Zaka 3 ndi maola 26,280. Microamp imodzi yokha, kamoto kochepetsetsa zedi, ikamadontha nthawi yonseyo, yakudyera 26 mAh (muyeso wa moto wosungidwa m'batire), ndipo khadi lopyapyala 0.76 mm lilibe malo a batire lalikulu. Choncho yamba wayeza moto umene chip, kaubongo ka khadilo, ikukoka ili mtulo. Zonse zizizima, pazitsala kawotchi ka 32.768 kHz kowerenga nthawi basi. Kagalasi ka e-paper usade nako nkhawa, kamadya moto pokhapokha nambala ikamasintha. Uyezenso khadilo litatentha, ngati lija loiwalidwa m'galimoto dzuwa la Okutobala, chifukwa kutentha kumachulukitsa kudonthako.

Koma chitetezo usachikhudze ayi. Mu 1998 Paul Kocher, katswiri wa chitetezo cha makompyuta, ndi anzake anaonetsa kuti munthu akhoza kuba kiyi yachinsinsi (nambala yobisika mu chip, monga imene khadi lako lizipangira manambala atatu aja) pongoyeza mmene chip ikukokera moto ikamawerengera. Masamu owonjezera obisa kiyi aja, ndi phokoso loikamo dala lija, zimene ukuziona ngati zomaliza batire, ndi zomwe zimaphimba wakuba wotere m'maso. Kuwerengerako ndi kwa kamphindi chabe pa ola lathunthu, moto ungapulumutse pamenepo ndi wochepa. Kiyi ikabedwa, wolira adzakhala mayi wina amene anakhulupirira khadilo nasungirako ndalama za fizi ya ana ake.

Ndikudziwa kuti kutsutsa abwana uli watsopano pantchito n'kovuta. Usakangane nawo. Atengere pepala la zimene wayeza, moto wa mtulo pawokha, wa powerengera pawokha, aone okha pamene batire likuthera. Ukayeza undiimbire, ndikufuna ndimve manambala ake.

Ndine bambo ako.