Mwala wachikumbutso wasiya amene anayambitsa mpingo

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule pa zomwe zinachitika Lamulungu lapitali pa tchalitchi chathu cha Methodist kuno kufupi ndi Bangula. Pa chikondwerero chokumbukira chiyambi cha mpingo anavundukula mwala, ndipo pamwalapo pali mayina a alendo a ku Blantyre amene anatigulira malata. Dzina la woyambitsa mpingowu palibe ndi limodzi lomwe.

Pamene mpingowu unkayamba ine ndinalipo, ndili kamtsikana. Mpingo unayambira patsinde pa bwemba, nkhondo ya ku Mozambique ili mkati, ija inatha mu 1992. Anali amayi ochepa, ena akonkuno, ena othawa nkhondo kuchokera kutsidya kwa Shire, akuimba m'Chisena ndi m'Chimang'anja, belu lake khasu lakutha lomenya ndi mwala. Abusa ankabwera pa njinga mwa apo ndi apo, masabata ena onse amayiwa ndiwo ankatsogolera mapemphero. Agogo anga anagulitsa mbuzi kuti pagulidwe Baibulo loyamba. Njerwa anaumba okha, madzi akusenza pamutu, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo madzi osefukira a mu Januwale 2015 atagwetsa khoma anaumbanso. Malatawo akanakhomedwa pa chiyani pakanapanda makoma amenewa?

Tsikulo amayi awiri amene atsala moyo anawakhazika pamphasa panja, mipando atapatsa alendo. Ndinamva mmodzi akupempha mdzukulu wake kuti awawerengere zolembedwa pamwala. Mwanayo anangowerama.

Inu a komiti yokonza mwambo, mwaiwala kuti John Wesley, amene anayambitsa Methodist, mu 1739 analalikira panja ku Bristol, ku England, kwa anthu wamba? Ahebri 13:7, vesi lotiuza kukumbukira amene anatilankhula mawu a Mulungu, munaliwerenga liti?

Khalidweli latikwana kuno ku chigwa cha Shire. Timakumbukiridwa madzi akasefukira, monga nthawi ya namondwe Freddy mu 2023, magalimoto n'kubwera ndi makamera. Thonje timalima ife, mtengo amaika ena. Tsopano ndi mbiri ya mpingo wathu yomwe atilande?

Abusa ndi akulu ampingo, tumani achinyamata mwezi uno akajambule pa foni mawu a amayi awiriwa asanatisiye, ndipo mwala wachiwiri uikidwe pa bwemba uja, akadalipo. Thumba la simenti ndigula ine.

Mkhristu wokhudzidwa,
Bangula, Nsanje