Lipoti la zomwe tidakambirana ndi akoleji pa nkhani ya owonerera masewera ogwetsana

A wapampando, abale ndi alongo a m'bungwe lathu kuno ku Indiana,

Mudandituma kuti ndikatule madandaulo a makolo omwe ana awo ali m'timu ya masewera ogwetsana pakoleji ija, okhudza mmene alonda amachitira ndi owonerera. Ndidakumana ndi mkulu woyang'anira bwalo, wachiwiri kwa mphunzitsi wa timu, komanso mayi wina wa kampani ya alonda. Anthu a majekete achikasu pakhomo aja si antchito a koleji ayi. Ndi aganyu a kampani, ndipo mayiwo adavomera kuti ena amafika tsiku lomwelo osadziwa n'komwe mmene masewerawa amayendera.

Gwero la mavuto lili pamenepa. Timu ziwiri zikakumana, ogwetsana amalowa pamphasa awiriawiri maulendo 10, kuyambira olemera mapaundi 125 mpaka 285. Aliyense ali ndi mphindi 7 zokha, ndipo wina akagonekedwa chagada mapewa n'kukanikizidwa pansi, zathera pomwepo. Kholo layendetsa galimoto maola angapo, mlonda n'kuliimika pakhomo mphindi zisanu, polowa lipeza mwana wake akupukuta thukuta pabenchi.

Ndidawauza mosapsatira kuti malamulo sitikukangana nawo, koma kuwagwiritsa ntchito moyang'ana nkhope. Lamulo lawo limati chikwama chikhale choonekera mkati, chosaposa mainchesi 12 ndi 6 ndi 12. Chabwino. Nanga bwanji mayi wathu wina adabwezedwa kugalimoto kukuzizira, khanda lili m'manja, chifukwa cha chikwama cha matewera, pomwe anthu a matikiti a chaka chonse ankadutsa ndi zikwama zawo akuseka ndi alondawo?

Ndidatchulanso za bambo wina wa m'bungwe lathu. Kuyambira mu 2023, m'masewera a NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji, kugwetsa mnzako ndi mapointi 3, moti mwana akagwetsa, bwalo lonse limaimirira zala zitatu m'mwamba. Bambowo adachita chimodzimodzi, koma mlonda adadzawagwira paphewa n'kuwauza kuti akabwereza atulutsidwa. Mbali ya ophunzira, amene ankanyoza woyimbira, sadakhudzidwe. Mkulu wa bwalo adati mwina mlondayo adamva ngati bambowo akutukwana popeza adakuwa m'Chichewa. Yankho limeneli silidandigwire mtima, ndipo ndidawauza choncho.

Nkhani ya olumala sinachedwe, pakuti lamulo la ADA la 1990, loteteza ufulu wa olumala, akulidziwa bwino. Alonjeza kuti malo a oyenda panjinga, pamodzi ndi mpando wa wowaperekeza, sadzatchingidwanso ndi anthu oimirira.

Avomeranso kuti chikwama cha khanda ndi cha mankhwala chizilowa akachisecha, kuti malamulo alembedwe pakhomo ndi pa tikiti ya pafoni, ndiponso kuti mlonda asatulutse munthu asanaitane kapitawo. Akana zoti munthu atuluke n'kulowanso ndi tikiti yomweyo. Apo sindidalimbane nawo kwambiri, malinga lamulolo ligwire aliyense.

Kuona kwanga, akoleji ali ndi chidwi, koma akampani amasintha anthu pafupipafupi, ndiye tisagone. Mipikisano imatha mu Malichi. Mukakumana ndi zokhoma, musakangane naye mlonda. Lembani nthawi, khomo lomwe mudalowera ndi nambala ya pajekete yake, mutumize kwa alembi pa gulu lathu la WhatsApp. Mkulu wa bwalo wati tizimutumizira zonse pamodzi kumapeto kwa mwezi uliwonse.

Ine nthumwi yanu.