Kalata kwa Achimwene ku Leeds

Okondedwa achimwene,

Ndalandira kalata yanu imene mwafotokoza kuti kumeneko masamba ayamba kuyoyoka, ndiponso kuti kuntchito kwanu akhoma pakhoma mndandanda wa masiku opatulika a zipembedzo zosiyanasiyana. Kuno ku Johannesburg mitengo ya jakaranda yachita maluwa ndipo mvula yayamba, koma zikondwerero zomwezo zimatifikira tonse nthawi imodzi, ndipo chaka chino zandichititsa manyazi.

Monga mukudziwa, ndine amene ndimakonza mashifiti kunyumba yosungira katundu kumene ndimagwira ntchito. Masabata angapo apitawo ndinasankha tsiku lowerengera katundu yense osafunsa munthu, osadziwa kuti linali tsiku la Yom Kippur, tsiku lopatulika kwambiri kwa Ayuda. Mayi amene amatisungira mabuku a ndalama ndi Myuda wa ku Glenhazel, ndipo anandifotokozera mofatsa kuti patsikulo amasala kudya ndi kumwa kwa maola pafupifupi 25, sagwira ntchito, sayendetsa galimoto, ngakhale foni sayankha. Chimene sindinkachidziwa konse n'chakuti kwa iwo tsiku limayamba dzuwa likalowa, choncho anayeneranso kuweruka msanga dzulo lake. Yom Kippur ndi tsiku lakhumi kuwerengera pa Rosh Hashanah, chaka chawo chatsopano, ndipo pakangopita masiku asanu amayamba Sukkot, pamene mabanja amamanga zisakasa panja n'kumadyeramo sabata yonse. Masiku onsewa amatsata mwezi, n'chifukwa chake amasuntha chaka ndi chaka ndipo kalendala ya mu ofesi mwathu siiwasonyeza.

Ntchito yowerengayo tinaisintha, ndipo nditafunsa ena, anyamata awiri a ku Lenasia anaulula kuti chaka chilichonse amagwira shifiti ya usiku pa Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu, pamene abale awo akuyatsa tinyali kunyumba, chifukwa amaopa kuoneka ngati ovuta.

Dziko lino lili ndi maholide 12 a boma, ndipo achipembedzo enieni ndi Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi. Ngakhale Eid, imene kwathu ku Malawi ndi holide, kuno siili pamndandanda. Komabe lamulo la maholide la 1994 limalola kuti wantchito ndi bwana wake agwirizane zosinthanitsa holide ya boma ndi tsiku lina, ndipo ndikukhulupirira kuti antchito ambiri sadziwa zimenezi. Pa 24 Seputembala, tsiku lokumbukira chikhalidwe, timavala zitenje ndi mikanda n'kuwotcha nyama, ndipo mabwana amakondwa kujambulitsa nafe. Zimenezo n'zabwino, koma n'zosavuta. Ine ndimaona kuti chimene munthu amafuna kwenikweni ndi kupeza dzina lake lachotsedwa pa shifiti tsiku limene iye akupemphera, popanda kuchita kugwada.

Tsopano ndatsegula kope limene aliyense akulembamo masiku ake chaka chisanayambe, ndipo ine ndalembamo 15 Okutobala, Tsiku la Amayi kwathu, limene kuno palibe amene analimvapo, kuti ndiziweruka masana n'kukacheza pafoni ndi amayi ku Dedza mosathamanga. Chonde, mundijambulire mndandanda wa kuntchito kwanuwo n'kunditumizira pa WhatsApp, ndione ngati pali masiku amene ndawaphonya.

Moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu,
Limbani