Khirisimasi isakhale mayeso kwa odwala matenda a maganizo osamva mankhwala

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhule ndi mabanja amene akusunga munthu wodwala matenda ovutika maganizo, makamaka wodwala uja wamwa mankhwala mtundu uwu ndi uwo koma osapezabe bwino. Ndikulemba tsopano chifukwa mumsika waukulu wa Zomba ayamba kale kupachika timadiresi ta ana ndi kukweza mtengo wa nkhuku, ndipo nyengo imene anzathu akuiyembekezera ndi chimwemwe, ife kunyumba kwathu timaidikira mmene mlimi wa m'mbali mwa Likangala amayang'anira mtsinje ukayamba kudzaza.

Ndimasunga achimwene anga aakulu, amene kwa zaka zambiri anali telala wa pakhonde la sitolo. Amene amadziwa ntchito ya utelala avomereza kuti Disembala ndiye mwezi wokolola. Achimwene ankasoka mpaka pakati pa usiku, tepi ili m'khosi, choko chili kukhutu, amayi atafola ndi nsalu zawo, aliyense akuti yake ithe lisanafike tsiku la Khirisimasi. Lero makina aja a Singer ali pakona m'chipinda chochezera, tinawaphimba ndi chitenje kuopa fumbi, ndipo ino ndi Disembala yachinayi asakulira. Manja a achimwene ndi abwinobwino, maso akuona, koma mphamvu yodzuka ndi kuyamba chinthu inawathera. Amadzuka cha m'ma 3 koloko m'bandakucha n'kukhala pamphepete pa bedi mpaka kunja kuyera, nsima amangoitsina kawiri, ndipo mawu amene sachoka pakamwa pawo ndi akuti iwo ndi mtolo kwa ine ndi ana anga.

Matendawa si chisoni cha pamaliro chimene chimapepuka masiku akamapita, ndiponso si ulesi. Madokotala amawatchula kuti ndi osamva mankhwala pamene wodwala wamwa mitundu iwiri yosiyana ya mankhwala, pa mlingo woyenera komanso kwa masabata okwanira, koma osasintha mokhutiritsa. Mawu akuti osamva mankhwala si achilendo kwa ife, chifukwa tinawazolowera pa TB, ndipo sindinamvepo munthu akunena wodwala TB yotere kuti akuchita dala kapena kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Achimwene anayamba ndi amitriptyline, amene ankawaumitsa kukamwa ndi kuwagonetsa ngati chipika koma mtima osaupeputsa. Kenako anawasinthira fluoxetine, amene anathandiza pang'ono miyezi yoyambirira, kenako zinthu n'kubwerera pomwe zinali. Poyamba ndinkaganiza kuti tsoka limeneli ndi lathu lokha, mpaka pamene ndinamva za kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa STAR*D, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2006 atatsata odwala pafupifupi 4,000. Mwa odwala atatu aliwonse, mmodzi yekha ndi amene anachira bwinobwino ndi mankhwala oyamba. Ngati zili choncho kudziko kumene mitundu ya mankhwala ndi yambirimbiri, ndiye kuti anthu onga achimwene alipo ochuluka ku Matawale, ku Sadzi, ku Chikanda, ku Jali ndi ku Thondwe, kungoti mabanja awo sanena.

Ndifotokoze zimene zinachitika Khirisimasi ya chaka chatha, chifukwa ndi zimene zandichititsa kugwira cholembera. Abale anabwera kuchokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo mphwathu wina anafika kuchokera ku Joni ndi zikwama zodzaza. Tinaphika mpunga ndi nkhuku, ana anali ndi Fanta m'manja, wailesi ikulira. Achimwene anayesetsa: anasamba, anavala malaya oyera, n'kukhala nafe pakhonde. Azakhali athu, amene amawakonda kwambiri, anawayang'ana n'kunena kuti, "Bambo, mpaka lero simunachirebe? Tasekaniko, lero ndi Khirisimasi, taonani ana onsewa abwera chifukwa cha inu." Achimwene anamwetulira kumwetulira kokakamiza, anaika supuni pambale, ndipo patapita kanthawi anapempha kuti akapume. Ndinawapeza m'chipinda atakhala pansi, atatsamira bedi, akundiuza kuti, "Achemwali, ngati tsiku ngati lino likundikanika, ndiye ndi tsiku liti limene ndidzathe?"

Funso limeneli ndi limene ndikufuna owerenga alimvetse. Munthu amene mankhwala awiri amukanika amakhala atayamba kale kudzikayikira, ndipo chilichonse amachiwerenga ngati umboni womutsutsa. Masiku wamba amatha kubisala m'chizolowezi, osafunsidwa ndi aliyense ngati akusangalala. Koma Khirisimasi imabwera ndi lamulo losalembedwa lakuti aliyense aoneke wokondwa, ndipo abale amene atha chaka osamuona amafika ndi sikelo m'maso, kuyeza ngati wanenepa, ngati akuyankhula, ngati akuseka. Wodwala akalephera mayeso amenewa pamaso pa mtundu wonse, samangomva chisoni chokha ayi, amatsimikiza mumtima mwake kuti iye ndi wosachiritsika. Azakhali sanalakwe mwadala, ndipo sindikuwaimba mlandu, koma mawu achikondi nawonso amabaya akagwera pachilonda.

Pamwamba pa zimenezi pali nkhani ya ndalama, imene kwathu kuno siisiyana ndi Disembala. Mwezi womwewu nkhokwe zimakhala zitayamba kuoneka pansi, kumunda kukufunika feteleza, ana akufuna zovala zatsopano, ndipo fizi ya mu Januwale ili pakhomo. Amayi a banki m'khonde akamagawana ndalama zawo, amene anakongola n'kulephera kubweza amasowa pobisala. Mvula ikakuona litsiro sikata. Kwa mwamuna amene kale ankagulira aliyense buledi ndi shuga pa Khirisimasi, kuona mphwake akutulutsa mphatso m'chikwama iye manja ali m'thumba ndi chilango chimene sitingachimvetse ife amene tili bwino. Ndinazindikira mochedwa kuti ngakhale kudandaula kwanga kwa mtengo wa mafuta ophikira, ndikamayankhula ndekha kukhitchini, achimwene ankakumva ngati ndikunena iwo.

Chinthu china chimene sitichiganizira ndi kusokonekera kwa chizolowezi. Wodwala matendawa amadalira kwambiri kugona ndi kudzuka pa nthawi yofanana, kudya pa nthawi yake ndi kumwa mankhwala osadumphitsa. Alendo akadzaza nyumba, iye ndi amene amachotsedwa m'chipinda chake kuti akagone pabalaza, masipika a kumalo omwera mowa amalira mpaka tambala woyamba, ndipo botolo la mankhwala limasowa pakati pa zikwama za alendo. Kenako pamabwera msuweni wokoma mtima ndi botolo la mowa, amvekere, "Imwaniko pang'ono, maganizowo achoke." Mowa umapeputsa mtima kwa maola ochepa, koma umaononga tulo, umakulitsa kukhumudwa tsiku lotsatira, ndipo ukasakanikirana ndi amitriptyline umafooketsa munthu kwambiri. Choopsa kuposa zonse n'chakuti umachotsa mantha, moti maganizo oipa amene munthu amawaletsa ali bwinobwino, akaledzera amatha kuwachita.

Ndifike pa usiku wa pa 31 Disembala, ndipo pano ndiyankhula mosamala chifukwa inenso ndine wopemphera. Mapemphero olowera chaka chatsopano amatonthoza anthu ambiri, ndipo achimwene nawonso nyimbo za kwaya zimawafika pamtima. Koma zaka ziwiri zapitazo wachibale wina anawatengera ku mapemphero a usiku wonse kumene mlaliki analengeza kuti aliyense asalowe m'chaka chatsopano ndi matenda a chaka chakale, ndipo amene akhulupirira ataye mankhwala awo. Achimwene, pofuna kusonyeza kuti akuyesetsa, anataya awo m'chimbudzi osandiuza. Sabata isanathe anayamba chizungulire, mseru ndi kusowa tulo, ndipo pofika pakati pa Januwale anali pansi kuposa mmene tinawaonerapo. Pa matenda aja panaonjezekera mlandu watsopano, wakuti Mulungu wawakana. Mankhwala a mtundu umenewu sasiyidwa mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi achipatala, ndipo munthu akayambiranso pamatenga masabata angapo kuti agwire ntchito. Ndikupempha abusa, ansembe ndi mashehe athu kuti popempherera odwala aziwauzanso poyera kuti apitirize kumwa mankhwala, chifukwa liwu limodzi lochokera kuguwa limamveka kuposa mawu khumi a ife osamalira odwala.

Mwezi wa Januwale ndiwo ndimauopa kwambiri kuposa Disembala weniweniyo. Alendo amapita, nyumba imangoti zii, ngongole zimatsala, ndipo wodwala amayamba kuwerenga kuti chaka china chatha iye asanachire. Iyi ndi nyengo imene m'nyumba zambiri mumakhala mankhwala ophera tizilombo ta kumunda, ndipo ndikulangiza banja lililonse limene lili ndi wodwala wotere kuti liziwatsekera kutali, komanso kuti mankhwala a kuchipatala azisungidwa ndi munthu wina, wodwala azipatsidwa a tsiku limenelo okha. Munthu akayamba kunena kuti kuli bwino atapuma, kapena kugawa katundu wake, kapena kutsanzika mosadziwika bwino, mufunseni mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, koma kumamutsegulira khomo loti ayankhule. Akavomera, musamusiye yekha ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti tchuthi chithe.

Ife a ku Zomba tili ndi mwayi umene anzathu a ku Nsanje kapena ku Chitipa alibe, chifukwa chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo, Zomba Mental Hospital, chimene chinamangidwa mu 1953, chili pakhomo pathu, pomwe anzathu a kumpoto ndi pakati amadalira kwambiri a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Chodabwitsa n'chakuti ifeyo ndi amene timachita nacho manyazi kwambiri. Mawu akuti "ku Mentolo" tinawasandutsa chipongwe choopsezera ana ndi chonyozera anzathu pa mpira, moti munthu amalolera kuvutika chaka chathunthu kusiyana n'kuti a kabaza amuone akutsikira kumeneko. Nthabwala zoterezi zimachuluka pamene abale asonkhana ndipo mowa wayamba kuyenda, ndipo wodwala amene wakhala chete pakona amazimva zonse.

Mabanja adziwenso kuti kukanika kwa mankhwala awiri si mapeto a chithandizo. Dokotala wabwino amabwerera pachiyambi: amafunsa ngati mlingo unali wokwanira, ngati wodwala ankamwadi tsiku lililonse, ngati pali mowa kapena chamba, ngati pali matenda ena monga a chithokomiro, komanso ngati munthuyo nthawi zina amakwera maganizo mopitirira muyeso, osagona, kuyankhula kosalekeza ndi kumwaza ndalama, chifukwa amenewo ndi matenda ena ofuna mankhwala ena. Pali njira yoonjezera mankhwala achiwiri monga lithium, pali uphungu wokhala pansi ndi katswiri mobwerezabwereza, ndipo kwa odwala kwambiri pali chithandizo cha magetsi chotchedwa ECT, chimene masiku ano chimaperekedwa munthu atagonekedwa ndi mankhwala. Ku America, mu 2019, anavomereza mankhwala opopera m'mphuno otchedwa esketamine opangidwira odwala oterewa, ngakhale mtengo wake si wa thumba la telala. Chofunika n'chakuti wodwala abwerere kuchipatala ndi kukanena zoona zake, osati kungolandira mapiritsi omwewo mwakachetechete chaka ndi chaka. Kwa akuluakulu a zaumoyo, pempho langa ndi laling'ono: odwala amene tsiku lawo lokaonana ndi achipatala likugwera m'masabata a tchuthi azipatsidwa mankhwala okwanira kufika mu Januwale, chifukwa ife tinakhalapo masiku asanu ndi limodzi opanda mankhwala titapeza pachipatala china zenera lili lotseka.

Chaka chino ndayankhula ndi abale onse pafoni asananyamuke. Ndawauza kuti achimwene sachoka m'chipinda chawo, alendo ndi amene agone pabalaza. Ndawapempha kuti asafunse za kuchira, asabweretse mowa pakhomo, ndipo achimwene akadzuka pakati pa chakudya kukapuma, pasakhale wowatsatira kukawanyengerera. Azakhali anakhumudwa pang'ono, anati ndikuwaphunzitsa kusamala mwana wa mchimwene wawo, koma mawa lake anaimbanso kufunsa chimene angabwere nacho, ndipo ndinawauza kuti abwere ndi chinangwa cha kwawo chimene achimwene ankachikonda. Achimwene eni ake asankha kuti adzapita ku mapemphero a m'mawa, amene sakhala aphokoso, ndipo madzulo tidzayenda pang'ono kulowera kumunsi kwa phiri mvula ikalola. Mwana wanga wamkazi wawapempha kuti amupindire siketi ya yunifolomu sukulu isanatsegulidwe. Sanavomere ndipo sanakane, koma dzulo ndinawapeza atavundukula chitenje chija akuyang'ana lamba wa makina. Tsiku lokaonana ndi dokotala ndi pa 8 Januwale, ndipo ndalama ya kabaza ndaisunga kale padera m'kachitini, kuti isalowe m'gulu la ndalama ya nkhuku.

Mlongo wosamalira wodwala,
Chinamwali, Zomba