Injini ya alamu anga yanoka: ndiikonzenso kapena tigule ina?

Zikomo Alangizi,

Ndikulemba usiku, onse m'nyumba muno agona, ndipo injini ya alamu anga ili zidutswazidutswa pachiguduli kuseri kwa chitseko. Ndine makaniko wa njinga zamoto pa Kamwendo kuno ku Mchinji. Funso langa likumveka ngati la zitsulo chabe, koma mwini njingayo ndi mchimwene wa mayi a kunyumba, atsibweni a ana anga, ndipo ine pamudzi pano ndine mkamwini. Loweruka likubwerali akuti tikakhale pansi pamaso pa apongozi.

Njingayo ndi Honda CG125 yakale, ija ya mapushirodi, timitengo tachitsulo tokankha mavalavu, yopanda tcheni cha taimingi. Itabwera kwa ine inkafuka utsi wabuluu, oyilo ikumwa ngati thobwa, pulagi ikuda masiku atatu alionse, ndipo ukaponda kiki mwendo unkangotsika ngati mulibe kanthu. Eya kilina, sefa ya mpweya wolowa mu injini, inali yong'ambika, itamangidwa ndi mphira. Amene anayendapo msewu wa ku Mkanda m'chilimwe akulidziwa fumbi lake. Fumbi limenelo likalowa ndi mpweya limakwecha malingi a pisitoni ndi buloko, momwe pisitoni imayendamo, ngati mchenga. Izi sindine ndinachititsa, ndipo ndikufuna zidziwike.

Buloko ya CG125 ikakhala sitandadi bowo lake ndi 56.5 mm. Iyi inali itabooledwapo kale kufika 0.25 mm pamwamba pa sitandadi, choncho ndinakaibooletsa ku Lilongwe kufika 0.50. Ndinaika pisitoni ndi malingi atsopano, mpata wa kumapeto kwa malingi ndinauyesa ndi fila geji, ndinasiyanitsa mipatayo kuti isayang'ane mbali imodzi. Mavalavu ndinawapera ndi pesiti mpaka petulo osadontha ndikathira m'hedi, masilo a mavalavu atsopano, magasiketi atsopano, tapeti, ndiye kuti mpata wa mavalavu, ndinaika 0.08 mm injini ili yozizira. Oyilo wa 20W-50. Inalira bwino, utsi unatheratu. Ndinawauza kuti makilomita 500 oyamba asaikwapule, asanyamule katundu wolemera, ndipo akabwere tidzakhetse oyilo chifukwa oyilo woyamba amanyamula tizitsulo ta malingi. Sanabwere. Tsiku lachinayi ndinawaona ndi maso angawa atasanja matumba awiri a soya a 50 kg, mwini soyayo atakhala pamwamba. Ntchito yonseyo sanandipatse ngakhale ya sopo. Mapuleti a kilachi chaka chatha ndinawaikira ulere. Sipanala yanga ya 10 anabwereka nthawi ya maliro a agogo mpaka lero, ndipo makaniko aliyense akudziwa kuti popanda 10 palibe chimene ungamasule pa njinga. Ndikaitchula akuti ndine waumbombo.

Patatha masabata asanu inayamba kugogoda pansi pa injini, kugogoda kolemera kumene kumakula ukapatsa moto, osati kachiphokoso ka tapeti. Anapitirizabe kuyenda nayo masiku awiri. Nditatsegula ndinapeza kasefa ka waya kadzaza tizitsulo tonyezimira, konirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kiranki, ikugwedera mmwamba ndi pansi, bering'i ya bigi endi, kumunsi kwa konirodiko, yaphwanyika, ndipo tizidutswa take tadula mizere m'buloko ija ndinangobooletsayo.

Apa ndi pamene pandisowetsa tulo. Konirodi kusewera cham'mbali pang'ono n'chibadwa chake, koma mmwamba ndi pansi siyenera kugwedera ngakhale pang'ono. Tsiku lija ndinkaikonza koyamba, buloko nditaichotsa, ndinaigwira konirodiyo. Ndinamva kanthu. Ndinadziuza kuti ndi zala zanga chabe, chifukwa alamuwo anali ataima pamutu panga akuti njinga ikugona masiku ambiri, ndalama za pa renki ya kabaza zikuwadutsa. Ndinatseka. Komanso rota ya oyilo, kachitini kaja kamazungulira ndi kiranki kumbali ya kilachi n'kumasunga zinyalala, sindinaitsegule. Lero ndaitsegula, muli matope olimba ngati dothi la pachulu. Pisitoni yatsopano imakweza komupuresheni, ndiye bigi endi yotopa kale imalandira nkhonya zimene inali itaiwala. Zimenezi ndimaphunzitsa anyamata anga pagalaja. Za mtundu wa pisitoni imene ndinagula ndi ndalama imene anandipatsa, ndi kumene chenji chinapita, sindilemba pano. Mwana anali kudwala, basi.

Komabe munthu woti wamva kugogoda n'kuyendanso masiku awiri, mlandu wonse ungakhale wanga? Akanaima pomwepo buloko ikanapulumuka.

Tsono njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi kuikonza yonse. Kung'amba makesi pakati, kutulutsa kirankishafiti, kugula konirodi kiti, ndiye kuti konirodi, pini, bering'i ya masingano ndi mawasha ake. Kiranki imeneyi ndi yopanikiza, sungaimasule ndi hamala pansi pa mtengo wa mango. Iyenera kupita kwa anthu a makina a puresi, akapanikize pini yatsopano bowo la oyilo litayang'anizana bwino, kenako akaiwongole pa geji. Ikapotoka pang'ono, njinga imanjenjemera ndipo mabering'i aakulu amatha msanga. Mabering'i awiriwo n'kusinthiratu, masilo onse, pampu ya oyilo n'kuiona ngati tizitsulo sitinaikande. Kamu ya CG ili ndi chotupa chimodzi chokha chimene chimakankha mavalavu onse awiri, ndiye icho ndi timapazi take tikadyeka palibe tapeti imene ingakhazikike. Buloko ipite 0.75, mizere ikakhala yakuya 1.00, ndipo pamenepo ndiye pothera, kutsogolo kwake ndi silivu kapena buloko ina. Chovuta kwambiri ndi kutsuka. Kachitsulo kamodzi kakatsala m'njira ya oyilo, ntchito yonse yapita m'madzi.

Yachiwiri ndi imene alamu akufuna: injini yatsopano ya ku China yopangidwa motengera CG, ya 125 kapena 150. Zoona, mabawuti omangira pa felemu nthawi zambiri amagwirizana, tsiku limodzi njinga ili pamsewu. Koma samva ndikawauza kuti mawaya a magineto ndi mapulagi ake sangogwirizana okha, pangafunike CDI, kabokosi kopereka moto ku pulagi, ndi regyuleta ya magetsi zina, ya 150 imafuna kabuleta wokulirapo, ekizozi mwina kuipinda, ndipo zina mwa injini zimenezi magiya ake ndi ozungulira, ukaponda kupitirira giya yomaliza umapezeka uli pa nyutulo. Nambala ya injini nayo isiyana ndi ya pa bulu buku, ndiye pafunika kukasinthitsa mapepala kwa a Road Traffic. Mtengo wake chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sindikufuna n'kuutchula komwe. Ndi ndalama imene ine sindinaigwirepo pakamodzi.

Yachitatu ndi injini yakale yogula kwa munthu. Mnzawo wina wa pa renki akuti ali nayo ya ku Chipata, yotchipa. Ndinakaiona. Anali ataitenthetsa kale ndisanafike, pamene injini yogula umafuna uilize ili yozizira kuti umve zonse. Oyilo anali watsopano mbee, pulagi yatsopano, ndipo pamalo a nambala panali popalapala. Njinga zikubedwa chonchi, ine dzanja langa sindiikapo.

Ndikanena monga makaniko, yankho ndikulidziwa. Makesi ndi giyabokosi za Honda imeneyi zidakali zolimba, mano a magiya ali bwinobwino, kilachi basiketi ilibe mipata. Ikakonzedwa pansi mpaka pamwamba ndi masipeya enieni, eya kilina yatsopano, oyilo n'kumasinthidwa pa makilomita 1,000 alionse chifukwa cha fumbi lathuli, idzaona injini ziwiri zotchipa zikubadwa n'kufa. Injini imatayidwa makesi akang'ambika, pokhala mabering'i pakakula, kapena masipeya ake akasowa. Apa palibe chimodzi mwa izo. Koma kuti ndiwafotokozere apongozi chifukwa chimene kukonza pamwamba pa injini pokha sikunakwanire, ndiyenera kunena kuti pansi panali potopa kale. Akandifunsa kuti nanga iwe sunaone, ndiyankha chiyani?

Alamuwo auza renki yonse kuti ndinawaphera njinga. Anyamata awiri amene ankabwera kwa ine mwezi ndi mwezi tsopano akupita kwa wina kuseri kwa msika, munthu amene amamanga hedi popanda kutsata mabawuti mopingasa. Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti ananena zimenezi ana anga akumva. Mayi a kunyumba sakulankhula, amangoika nsima n'kutuluka. Ndi mlongo wawo, ndikumvetsa. Koma zaka zonsezi ndani wakhala akuisunga njingayo pamsewu? Matayala, mabuleki, sipoko, usiku ndi usiku akandigogodera.

Alangizi, ndithandizeni. Ndiulule za konirodi ija pamaso pa apongozi, kapena ndiwatengere alamu pambali tisanafike Loweruka? Ndikaulula, kodi sindiye kuti ndavomera kugula injini yatsopano imene ndikudziwa kuti si yofunika? Ndaganiza zoti ine ndigule konirodi kiti ndi kulipira puresi, ntchito ndigwire ulere, iwo agule buloko ndi pisitoni popeza ndi masiku awiri awo aja amene anaziwononga. Kodi pamenepo pali chilungamo, kapena ndikungodzikhululukira? Nanga akakana kuti dzanja langa lisakhudzenso njinga yawo, ndilipire makaniko wina pa ntchito imene ndikuidziwa kuposa iye? Ndipo mkazi wanga ndimuuze liti, popeza za chenji chija nayenso sakudziwa?

Ine wothedwa nzeru,
Kamwendo, Mchinji