Lipoti la Maphunziro a Kapangidwe ka Ma Photonic Circuit ku Ghent

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga a m'dipatimenti,

Ndikuthokoza pondituma ku Ghent m'dziko la Belgium kukaphunzira kapangidwe ka ma chip omwe amayendetsa kuwala m'malo mwa magetsi. Malisiti onse a ulendowu ndawapereka kale ku ofesi ya zachuma.

Zokamba za misika ndi malonda a makampani zinali zachizolowezi. Chomwe chinandigwira mtima ndi phunziro la ma waveguide, tinjira tomwe kuwala kumadutsamo. Kanjira kamodzi kamakhala ka silicon, kokhuthala ma nanomita 220 (milimita imodzi ili ndi ma nanomita miliyoni imodzi) ndi kotambalala pafupifupi 500, kozunguliridwa ndi silica, yemwe ndi mtundu wa galasi. Popeza refractive index (nambala yosonyeza momwe chinthu chimachedwetsera kuwala kodutsamo) ya silicon ndi pafupifupi 3.5 pomwe ya silica ndi 1.44, kuwala kwa ma nanomita 1550, komwenso kumayenda mu fiber ya intaneti, kumatsekeredwa mkatimo moti kanjirako kamatha kukhota pa malo a ma maikiromita ochepa (maikiromita imodzi ndi ma nanomita 1000) osataya kuwala kochuluka. Tinajambula Mach-Zehnder interferometer, momwe kuwala kumagawidwa m'njira ziwiri zosiyana kutalika, ndipo pokumananso kumawonjezerana kapena kuzimitsana. Njira ikatambalala mopitirira ndi ma nanomita ochepa chabe, zotsatira zimasuntha, n'chifukwa chake wojambula ayenera kuganiziratu zolakwika za kufakitale. Silicon satulutsa kuwala bwino, kotero ma laser ambiri amapangidwa ndi indium phosphide n'kudzalumikizidwa pambuyo pake.

Mfundo yomwe ndikufuna muimvetse ndi yakuti wojambula safunikira fakitale yakeyake. Magulu ambiri amagawana wafer imodzi (mbale yopyapyala ya silicon yopangirapo ma chip) ndi mtengo wake kudzera ku Europractice, ndondomeko ya ku Ulaya yothandiza ojambula ma chip, ndipo mafakitale ngati a imec, bungwe lofufuza la ku Leuven m'dziko lomwelo la Belgium, ndiwo amaipanga. Mapulogalamu ojambulira ma chip a KLayout ndi gdsfactory ndi aulere. Choncho chifukwa chomwe chinaperekedwa pamsonkhano wa chaka chatha pokana kuti phunziro lotereli liziphunzitsidwa m'dipatimenti yathu, chakuti tilibe zipangizo, sindikuchivomereza. Chomwe tilibe ndi makompyuta ogwira ntchito, ndipo pempho lokonza a m'labu ya ophunzira lakhala pa tebulo la komiti popanda yankho, pomwe ndalama zamisonkhano ya kunyanja zimapezeka msanga.

Ena adzati tiyambe tathana ndi vuto la magetsi. Ndikumva, koma kujambula kumatheka pa laputopu. Ndikupempha kuti makompyutawo akonzedwe teremu ino isanathe, ndiponso kuti ophunzira a chaka chomaliza omwe akudziwa chinenero cha kompyuta cha Python aloledwe kusankha ntchito ya photonics, ndiko kuti yojambula ma chip a kuwalawa. Ine ndine wokonzeka kuwayang'anira.